Dizilo wa pansi pa mgolo anandimanitsa maliro a amuna anga

Inu owerenga, ine ndine mayi wamasiye amene sindinaone amuna anga akutsitsidwa m'manda. Tsiku limenelo sindinadwale, sindinali kutali, ndipo ukwati wathu unali usanathe. Ananditsitsa m'lole ya maliro pakati pa msewu, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonerera, ndipo chimene chinanditsitsitsa ndi dizilo amene ndinapereka ndekha ndi manja angawa. Nkhaniyi ndati ndikuuzeni ndithu, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Kwathu ndi kuchigwa, kumunsi kumene timalima mpunga, njira yolowera ku Chilwa. Amuna anga, bambo a Fanesi, anachokera kwa Nazombe, kupitirira pa Chiringa, n'kudzakhala pachikamwini kwathu kuno mpaka imvi zinayamba kutuluka. Anali munthu wa chigayo. Tinali ndi kachigayo kathu ka dizilo pafupi ndi nyumba, kogaya chimanga ndi makaka, chinangwa chouma chija, injini yake yakalekale yochita kupukusa ndi dzanja kuti ilire. Ine ntchito yanga inali kulandira amayi ndi kuwaimika pamzere, iwo ankasamala injini. Za mafuta sindinkazikhudza n'komwe, ndipo kunena mosabisa ndinkaziona ngati timiyambo ta amuna tongochedwetsa anthu.

Mgolo wa dizilo ankaugoneka chammbali pa zipika ziwiri m'chipinda cha katundu, chogundana ndi chathu chogona. Akabwera nawo pangolo kuchokera kogula, tsiku limenelo sankatungamo, ati dizilo woyenda pamsewu ayambe wapuma kuti zinyalala zikhale pansi. Potunga ankalowetsa kapaipi komangirira ku kamtengo kuti kasafike pansi penipeni, n'kusefera pakansalu koyera. Akatero ankathira pang'ono m'botolo lagalasi n'kuliyang'anitsitsa padzuwa ngati munthu woombeza ula. Ine ndinkawaseka amayi ogayitsa akumva, n'kumawafunsa ngati aona mfiti m'botolomo. Iwo ankangomwetulira, n'kundiuza kuti injini ya dizilo ndi yonyada: ilibe mapulagi ngati njinga yamoto, imayaka ndi kupanikizika kwa mpweya basi, ndipo dizilo yemweyo ndi amene amafewetsa pampu yopopera mafuta mu injini kuti zitsulo zisadyane. Madzi sayaka ndipo safewetsa kanthu. Mgolo ukatsala pang'ono kutha, mafuta otsalawo ankapaka pamitengo ya khola la mbuzi kuti chiswe chisadye. Ine mtima unkandiwawa poona mafuta akupakidwa pakhola, koma iwo ankangoti, “Wa pansi pa mgolo si wathu, mayi.”

Zaka ziwiri zapitazo, mvula itangoyamba, bambo a Fanesi anagwidwa ndi chifuwa. Tinayenda nawo kuchipatala, tinabwerako ndi mankhwala, koma munthu ankangofota. Chigayo chinaima, mgolo uli ndi dizilo wosafika theka. Ndiye fungo lake linkadutsa pamwamba pa khoma n'kumawatsamwitsa, akayamba kutsokomola osalekeza mpaka misozi. Abale inu, ndani angaonerere mwamuna wake akubanika chifukwa cha mgolo? Ndinaitana amayi anzanga awiri, tinaukunkhuniza kuutulutsa panja, ndipo ndinauimika chilili kuseri kwa nyumba, pakhonde, pamene malata amatsanulira madzi.

Apa ndi pamene ndinaonjezera uchitsiru. Mjigo uli patali, ine ndi wodwala m'nyumba, zovala ndi zofunda zochapa tsiku ndi tsiku. Nditaona kuti mgolo waima pamalo abwino, ndinasanjikapo beseni langa lalikulu kuti ndizitchera madzi a mvula. Ndinadziona ngati mayi wanzeru zedi. Mvula ikagwa beseni linkadzaza n'kusefukira, madzi n'kukhala thapsa pamwamba pa mgolo, kuzungulira chotsekera chake. Dzinja lonse zinali choncho. Ndinkangoti chotsekera n'chomanga, madzi alowera pati?

Tsiku lina ali chigonere anandifunsa ndi mawu otsika kuti mgolo ndauika kuti, popeza fungo sakulimvanso. Ndinawayankha mwaukali pang'ono, ngati mmene timayankhira odwala tikatopa, kuti adandaule za chifuwa chawo, mgolo uli bwinobwino. Anafuna kunenapo kanthu koma chifuwa chinawatsekereza. Ndinawapatsa madzi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Anatisiya masana ena, mpunga utayamba kuwerama m'minda. Uthenga unapita kwawo, ndipo madzulo ake anafika anthu a kwa Nazombe, motsogozedwa ndi atsibweni a malemu, amene ndi mwini mbumba, ndi mlongo wamkulu wa malemu, alamu anga a Edina. Ine ndi a Edina sitinkamwerana madzi kuyambira kale. Ankati ndinawalanda mlongo wawo, ndipo atadwala ankafuna kuti akadwalire kwawo, ine n'kukana.

Pokambirana za mwambo ndinapempha chinthu chimodzi. Mwana wathu woyamba, amene anamwalira ali wakhanda, anagona kumanda a kwathu kuno, ndiye ndinagwada pamaso pa atsibweni kuwapempha kuti bambo ake agone pafupi naye. Atsibweni anakana mwaulemu, ati mkamwini amabwerera kwawo, manda a mayi ake akumudikira. Ndinkadziwa kuti mwambo ndi umenewo, koma chisoni chimayankhulitsa pambali. Ndinalira mokweza anthu onse akumva, n'kunena kuti munthuyu akanakhala kuti amayankhula sakanalola kuchoka pano. Inu owerenga, mawu amenewo muwasunge, chifukwa a Edina anawasunga.

Vuto linatsala pa mayendedwe. Inali nthawi ija mafuta ankasowa, magalimoto akugona pamizere, ndipo aliyense amene tinamufunsa ankati thanki ili gwaa. A Bonifesi, bambo wina wa m'mudzi woyandikana nafe amene amanyamula mpunga pa lole yake, anavomera kutithandiza, koma anati dizilo amene ali naye sangafike ngakhale theka la ulendo. Uku foni inali itapita kale kwa Nazombe kuti adzukulu ayambe kukumba m'mamawa, ndipo mukudziwa kuti manda akakumbidwa sagona. Thupi nalo ndi kutentha kwa kuchigwa silikanadikira tsiku lina. Anthu anangoti kakasi, kusowa pogwira.

Ndi pamene ndinakumbukira mgolo uja. Mtima unachita ngati wamasuka. Ndinati ngakhale andikaniza kuwaika kwathu, amuna anga apita kwawo ndi dizilo wa thukuta lawo, osati wopemphetsa. Kutacha ndinachotsa beseni lija, amuna awiri n'kubwera ndi zigubu zachikasu. Anayamba ndi kapaipi ka malemu, koma kankatulutsa pang'onopang'ono ndipo anthu anali atayamba kale kuimba. Ndine ndinawauza kuti achotse kapaipiko, angopendeketsa mgolo. Utayamba kuchepa, ndine ndinawauza kuti augwedeze n'kuuzondotsa kuti pasatsale ngakhale dontho. Wakumapetoyo anatuluka wotuwa mbuu ngati madzi otsukira mpunga, muli tinthu takuda tonanda ngati ndere. Ndinaona ndi maso angawa. Mawu a bambo a Fanesi anandidutsa m'mutu, koma ndinati lero si tsiku lopaka dizilo pakhola la mbuzi. A Bonifesi nawo anali pa liwiro, chigubu chachikasu sichionetsa za m'kati, anangotsanulira zonse m'thanki.

Tinanyamuka dzuwa litakwera pang'ono. Bokosi linali pakati pa lole, ine nditakhala kumutu kwake, mwana wanga Fanesi pambali panga ndi khanda lake kumsana. Amayi a kumpingo anali ataluka nkhata za maluwa, koma yanga ndinaluka ndekha ndi maluwa ofiira amene malemu anadzala kumpanda wa chigayo, ndipo ndinaifumbata pamiyendo. Lole inayamba bwinobwino, nyimbo zikumveka, anthu m'minda akuvula zipewa.

Tisanatuluke n'komwe m'chigwa, injini inayamba kutsokomola. Lole inkati ikathamanga n'kugwidwa, ikathamanga n'kugwidwa, ife kumbuyo tikugundana mitu. Utsi woyera unatuluka wambiri, kenako zii. A Bonifesi anatsika, anatsegula kutsogolo, anakhetsa kanthu pansi pa fyuluta, kasefa ka mafuta kaja, anapopa ndi dzanja kwa kanthawi, injini n'kulira. Galimoto yakale imatero, tinadzitonthoza choncho.

Kachiwiri inazima titangowoloka kamtsinje, pokwera kuchoka m'madzi. Inalira mogogoda ngati muli munthu ndi hamala m'katimo, mphamvu n'kutheratu, mpaka amuna anadumpha kukaika miyala kumatayala kuti isabwerere. Nyimbo zinaleka. Inu mukudziwa zimene anthu amanena galimoto ya maliro ikamazima: amati malemu akukana, pali chimene chawakwiyitsa. Atsibweni anakwawira pabokosi, anagogoda katatu ndi chala, n'kuyankhula m'Chilomwe motsitsa mawu, kuwauza malemu kuti asavute, tikupita nawo kwawo kwa mayi awo. A Bonifesi anali pansi akupopa. Injini italira, amayi ena anayang'anizana n'kugwedeza mitu. Ine ndinayamba kukayikira dizilo uja, chifukwa utsi woyera uja ndinali nditauonapo kamodzi pachigayo, tsiku limene malemu anagula dizilo wa m'zigubu kwa anthu a pamsewu n'kulumbira kuti sadzabwerezanso.

Kachitatu inazima pachitunda, tikuyandikira Chiringa, ndipo ulendo uno inakaniratu. Dzuwa linali pamutu. Foni ya atsibweni inkangolira, a kumudzi akufunsa kuti tili pati, adzukulu atopa, abusa akufuna kupita kumaliro ena. Ntchentche zinayamba kuzungulira bokosi. A Bonifesi anapopa mpaka malaya ananyowa, kenako analowa pansi pa lole ndi sipanala.

A Edina anaimirira m'lole momwemo n'kundiloza chala. Anati anthu asavutike kufunafuna, mlongo wawo akukana kuyenda ndi munthu amene wamudya. Anakumbutsa onse zimene ndinanena dzulo lake, kuti munthuyu sakanalola kuchoka. Anafunsa kuti ndinadziwa bwanji, ngati si ine ndamumanga miyendo. Mayo ine! Amayi amene ndinkaimba nawo kwaya anayamba kusuntha pang'onopang'ono kutalikirana nane.

A Bonifesi atamva phokoso anatuluka pansi paja atanyamula chitini. Munthu wa Mulungu ankafuna kundipulumutsa. Anakweza mawu kuti onse amve: “Anthuni, musamunamizire malemu. Si iwo akukana ayi. M'dizilomu muli madzi, onani nokha.”

Akanadziwa akanangokhala chete. A Edina anaomba m'manja kamodzi n'kufunsa kuti dizilo wapereka ndani. Anthu onse anatembenukira kwa ine. Anati ndiye basi zaululika, ndathira dala madzi kuti thupi lisafike kwawo, libwerere kukaikidwa kumene ndinkafuna. Taganizani inu owerenga: akakhala malemu akukana, wolakwa ndine, akakhala madzi, wolakwa ndinenso. Ndikanathawira kuti? Ndinalumbira pa Mulungu, pa mwana wanga ali m'manda, kuti sindinathiremo madzi, ndipo ndinkanena zoona. Koma atandifunsa kuti nanga alowa bwanji mumgolo wotseka, ndinawauza kuti nanenso sindikudziwa.

Atsibweni sanali munthu wankhanza, koma anali ndi thupi padzuwa, manda otsegula ndi gulu lolusa. Anandiyandikira osandiyang'ana kumaso, n'kunena kuti, “Mayi, tatsikani kaye tione.”

Ndinagwira chogwirira cha bokosi ndi manja onse awiri. Ndinawapempha kuti andimange maso, andikhazike kumapeto kwenikweni kwa lole, andinyoze mmene angafunire, bola ndikafike nawo. Ndinawakumbutsa kuti munthuyu ndamusambitsa ine dzinja lonse, ndamutembenuza ine, ndamutseka maso ine. Amayi awiri a kwa Nazombe anandimasula zala chimodzichimodzi. Fanesi analira n'kufuna kutsika nane, koma ndinamukankhira m'kati. Ndinamuuza kuti mmodzi wa ife ayenera kuwaperekeza bambo ake, ndipo ndinamuponyera nkhata ija kuti andisungire.

Ndinaima m'mphepete mwa msewu, wopanda nsapato monga amakhalira namfedwa. Nthawi yonse ya mkanganoyi lole inali itaima phee, madzi a m'thanki atapeza mpata wokhala pansi, ndipo a Bonifesi anali atamasula kabawuti ka pansi pa thanki n'kukhetsa ambiri ndithu. Izi ndinazimva pambuyo pake. Pa nthawiyo chimene anthu anaona n'chakuti mkazi watsika, dalaivala wapopa, wakhudza kiyi, injini yalira kamodzi n'kamodzi. Wina anafuula kuti mwaona! A Bonifesi anasuzumira pawindo kundikodola kuti ndikwere, koma amuna anamenya pabodi kuti tiyeni. Lole inanyamuka. Ndinathamangira kumbuyo kwake ndikuitana dzina la amuna anga, dzina limene sindinalitchulepo pagulu chikwatiwire, mpaka fumbi linanditsamwitsa.

Ndinayenda, abale. Miyala inkandilasa, nthaka ikuotcha, koma sindinkamva. Pa Chiringa ndinadutsa pakati pa anthu ogulitsa nandolo ndi nzimbe, chitenje chili pamutu, ndikulira ngati wamisala. Ena anali ataona lole ija ikudutsa ndipo nkhani inali itafika kale, moti ndinkamva akunong'onezana kuti ndi ameneyu. Palibe wa kabaza amene anafuna kundinyamula. Ndinkangopemphera pemphero limodzi lopanda manyazi, lakuti Ambuye izimenso, izimenso kuti ndiipeze.

Kupitirira pamsika, bambo wina wachikulire wochokera kogulitsa makala anaima ndi njinga yake. Sanandifunse zambiri. Anayala thumba pakaliyala n'kundiuza kuti ndikwere. Anapalasa mmene akanathera, pachitunda tonse n'kumatsika kukankha, ine ndikumuchonderera kuti afulumire ngati kuti ndamulemba ganyu. Mpaka lero dzina lake sindilidziwa.

Pamphambano yolowera kumudzi kwa amuna anga ndinaiona lole ija itaima, kumbuyo kulibe munthu. Pemphero langa linali litayankhidwa. A Bonifesi anali atakhala pamwala, manja ali bii, ndipo atandiona anaimirira n'kufuula kuti yafa pampu, anthu anyamula bokosi pamapewa, ndithamange mwina ndiwapeza. Ndinadumpha panjinga osathokoza n'komwe. Ndinathamanga m'kanjira ka m'minda ya chimanga, ndikugwa n'kudzuka, phiri la Michesi lili patsogolo panga ngati silikusuntha. Patali ndinkamva nyimbo, ndipo ndinkati bola akuimbabe, bola akuimbabe.

Kenako nyimbo zija zinaleka. Nditatulukira pabwalo la mudzi ndinakumana ndi adzukulu akubwera, makasu ali pamapewa, dothi lofiira lili m'miyendo. Kumbuyo kwawo anthu anali pamzere kusamba m'manja. Chifukwa cha kuchedwa ndi mmene thupi linalili, sanalowe nalo n'komwe m'nyumba, mwambo wonse anaudula. Pomwepo ndinangokhala pansi m'fumbi.

Fanesi ndi amene anabwera kudzandidzutsa. Nkhata ija inali idakali m'manja mwake. Anandiuza kuti pa nthawi yoyala nkhata, woyendetsa mwambo anaitana kuti mkazi wa malemu abwere. Anaitananso. A Edina anatambasula dzanja kuti ayale iwo, koma mwana wanga anaikumbatira pachifuwa n'kukana, ati mayi anga akubwera. Anthu anadikira pang'ono, kenako anapitiriza.

Ndinakwawa kupita kwa atsibweni kuwapempha kuti andilole ndikangoyala nkhatayo, ndione pamene agona, ndibwereko. Anati kumanda kwatsekedwa, salowako munthu mpaka banja litakhala pansi. M'mawa mwake achibale anapita kukaona manda monga mwa mwambo, ine anandisiya pakhonde ndi mayi wina wondilondera. Tsiku lomwelo anandiuza kuti ndibwerere kwathu mitima iyambe yazizira, adzandiitana. Mpunga takolola, mvula ina yagwa, takololanso, sanandiitanebe.

Patapita masabata angapo chichitikire maliro, a Bonifesi anabwera kunyumba. Ndinkayesa adzandikalipira, chifukwa lole yawo inali pamiyala: pampu inadyeka, timabowo topopera mafuta m'injini tinachita dzimbiri, ndipo fyuluta inatsekeka ndi ndere zakuda zija. Koma anangopempha kuti aone pamene mgolo unkakhala. Nditawaonetsa pakhonde paja ndi beseni langa, anagwira pakamwa. Anandifotokozera kuti mgolo umapuma ngati munthu. Masana ukatenthedwa umatulutsa mpweya pachotsekera, kukazizira umakoka, ndipo ngati pamwamba pali madzi umakoka madziwo, ngakhale chotsekera chikhale chomanga. Tsiku lililonse pang'ono, dzinja lonse. Madzi ndi olemera kuposa dizilo, ndiye amakakhala pansi mwakachetechete, ndipo pamene akumana ndi dizilo pamamera ndere zija. Ukatunga pamwamba sudziwa kanthu. Ukagwedeza n'kuzondotsa, ngati mmene ndinachitira ine, wasakaniza zonse. Anati nawonso akudziimba mlandu, chifukwa akanathira kaye m'botolo, zonsezi sizikanachitika.

Atachoka ndinalowa m'chigayo n'kupeza botolo lija lili pawindo pamene malemu analisiya, lomwe lija ndinkaliseka. Ndinakhetseramo timadontho totsala mumgolo n'kuliika pansi. Posakhalitsa munaoneka mzere, madzi pansi, dizilo pamwamba, poyera ngati masana. Ndinalira kuposa tsiku la maliro. Mawu a akulu akoma akagonera, koma anga anakoma munthu atagona kale m'dothi.

Botolo limenelo ndinalitumiza kwa Nazombe ndi Fanesi, pamodzi ndi mawu a a Bonifesi. Atsibweni akuti analiyang'ana nthawi yaitali. A Edina anati botolo silinena amene anathira madzi, ndipo chimene iwo anaona ndi maso n'chakuti nditatsika galimoto inayenda. Anthu a kwathu kuno ena amandikhulupirira, ena ayi. Chigayo ndinatsegulanso, koma alipo amayi amene amadutsa ndi matumba awo pamutu kupita kuchigayo chakutali.

Tsono inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene amuna anu ali ndi chigayo, pampu yothirira kudimba kapena galimoto, musamati za mafuta ndi za abambo. Tsiku lidzafika lakuti mwini wake ali chigonere kapena wapita, chiganizo n'kukhala chanu, anthu akukufulumizitsani. Funsani lero akadali ndi mpweya wokuyankhani. Mgolo wa dizilo musauimike pamvula, ndipo pamwamba pake si poika beseni. Ugonekeni chammbali pamthunzi, pansi pa denga. Musaugwedeze potunga, musauzondotse, wa pansiyo musiyeni ngakhale mafuta atasowa chotani. Dizilo wabwino amaonekera mbee ukamuyang'ana padzuwa. Akakhala wotuwa, wakuda kapena wa ndere, musathire mu injini, olo wina akulirireni. Kuthira m'botolo n'kudikira pang'ono sikuchedwetsa maliro. Ine amene ndinaopa kuchedwa ndi amene sindinafike.

Ndipo inu amene mumakwera magalimoto a maliro, galimoto ikazima muyambe mwamumvera dalaivala musanayang'ane nkhope ya namfedwa. Injini sidziwa kuti yanyamula ndani. Munthu amene mukumutsitsayo mwina ndi yekhayo amene anagona pansi miyezi yonse pambali pa wodwalayo.

Nkhata ija ndinabwera nayo kwathu. Maluwa anauma n'kuyoyoka, panatsala kamkombero ka udzu ndi ulusi, ndipo ndinaipachika pamsomali m'chigayo, pamene pankakhala kapaipi ka bambo a Fanesi. Fanesi amandiuza kuti manda a bambo ake ali pansi pa mtengo wa mthethe, kumanja ukamalowa, pafupi ndi a mayi awo. Ine ndimangovomera, sindinapaonepo. M'mawa uliwonse ndisanapukuse injini ndimathira dizilo m'botolo, ndimaliyang'ana padzuwa, kenako ndimayang'ana kumsewu ngati kukubwera munthu wa kwa Nazombe wodzandiitana kuti ndikayale nkhata yanga.